Wapolisi wa m'sitima angadzutse wogona, koma amupititse kuti?

Usiku wa pa 3 Julayi 2011, apolisi awiri a kampani ya sitima ya BART anafika pa siteshoni ya Civic Center, pakatikati pa mzinda wa San Francisco, atauzidwa kuti pamalo odikirira sitima pali bambo woledzera amene akungodzandira. Bamboyo anali Charles Hill, wa zaka 45, wosowa pokhala. Anaponya botolo, m'manja muli mpeni. Pasanathe ndi mphindi imodzi yomwe chifikireni apolisiwo, mmodzi wa iwo anali atamuwombera kale. Hill sanaone kucha.

Apa n'kuti anthu a m'derali asanaiwale za Oscar Grant, mnyamata wa zaka 22 amene wapolisi wa kampani yomweyi anamuwombera kumsana ali chigonere chafufumimba pa siteshoni ya Fruitvale ku Oakland, m'mbandakucha wa pa 1 Januwale 2009. Mkwiyo unabuka kachiwiri. Poopa zionetsero, pa 11 Ogasiti 2011 akuluakulu a BART anazimitsa netiweki ya mafoni m'masiteshoni a pansi pa nthaka kwa maola angapo, zimene zinangowonjezera manyazi pamwamba pa maliro.

Imfa ziwirizi ndizo zinakankha BART kuti iyambe kusintha, ngakhale inasintha mokoka miyendo. Lero nthambi yake ya apolisi ili ndi anthu amene sanyamula mfuti, unyolo kapena ndodo. Ntchito yawo ndi kulankhula ndi munthu amene mutu wasokonekera, kudzutsa amene wakomoka ndi mankhwala ozunguza bongo, ndi kufunira pogona amene alibe kwawo. Anachita bwino kuwalemba ntchito anthu amenewa, ndipo amene amaiseka ntchitoyi kuti ndi yonyengerera zigawenga sanaione bwino. Komabe pali funso limene oiyamikira amalilumpha: munthu uja akadzutsidwa, akatonthozedwa, akavomera kuthandizidwa, pali khomo limene limutsegukire usiku umenewo?

BART inayamba kuyenda mu 1972. Ili ndi masiteshoni 50, njanji yotalika makilomita oposa 200, ndipo imadutsa m'maboma asanu ozungulira gombe la San Francisco. Kwa munthu wosowa pokhala, m'sitima ndi malo anzeru kukhalamo. Muli magetsi, simugwa mvula, muli makamera ndi maso a anthu ambiri. Mayi amene wagona pampando wa sitima ndi wotetezekako kusiyana ndi amene wagona kunsi kwa mlatho. Vuto limabwera pakati pa usiku sitima zikasiya kuyenda. Wogona uja amadzutsidwa kumapeto kwa njanji, ku Richmond, ku Antioch kapena ku Dublin, kutali ndi malo ambiri ogonekako anthu a mumzinda, n'kuuzidwa kuti atuluke chifukwa akutseka.

Anthu otere si ochepa. Kalembera wa boma la America wa mu Januwale 2024 anapeza anthu 771,480 osowa pokhala usiku umodzi, ndipo pafupifupi 187,000 mwa iwo anali ku California. Ambiri amakonda kunena kuti anthuwa amachokera kwina, amakopeka ndi nyengo yofunda ndi chifundo cha khonsolo. Kafukufuku wamkulu wa yunivesite ya California ku San Francisco, amene anatsogolera ndi Dr Margot Kushel n'kutuluka mu 2023, anatsutsa zimenezi. Anthu 90 pa 100 alionse anataya nyumba yawo yomaliza ali mu California momwemo, ndipo 75 pa 100 anali akadali m'boma limene ankakhala kale. Asanathamangitsidwe m'nyumba, wapakatikati mwa iwo ankapeza madola 960 pamwezi, ndalama imene ku San Francisco siikwana lendi ya nyumba ya chipinda chimodzi. Choncho wogona m'sitima uja kawirikawiri ndi mwana wa pamalopo amene lendi inamugonjetsa.

Nzeru yophunzitsa apolisi kuthana ndi munthu wosokonekera mutu sinayambire m'sitima. Inayambira ku Memphis, m'chigawo cha Tennessee. Mu 1987, mayi wina anaimbira apolisi kuti mwana wake, Joseph Robinson wa zaka 27, akudzicheka ndi mpeni. Apolisi anabwera n'kumupha. Chaka chotsatira, mkulu wina wa apolisi, Sam Cochran, katswiri wa za maganizo Randolph Dupont, ndi mabanja a odwala a m'bungwe la NAMI anakhazikitsa gulu lotchedwa Crisis Intervention Team. Wapolisi wodzipereka yekha amaphunzira kwa maola 40. Amaphunzira kuima patali, kuonetsa manja ake, kusiya mmodzi yekha kuti azilankhula, kufunsa dzina la munthuyo, kusatsutsana naye pa mawu amene akuti akumva m'mutu, ndipo koposa zonse, kusafulumira. M'maphunziro ambiri a mtunduwu wapolisi amavala zomvera m'makutu zotulutsa mawu osokoneza, kenako n'kupatsidwa malamulo kuti awatsatire, kuti adzionere yekha chifukwa chake wodwala samvera akamukalipira kuti agone pansi.

Madera zikwizikwi anatengera maphunzirowa. Koma ku Memphis kunali chinthu chachiwiri chimene ambiri sanatengere chifukwa chimadya ndalama. Chipatala chachikulu cha mumzindawo chinavomera kulandira munthu aliyense amene apolisi abwera naye, usana ndi usiku, osamubweza, ndipo wapolisiyo ankamasuka msanga kubwerera ku ntchito. Popanda khomo loterolo, wapolisi wophunzira bwino amatsala ndi zosankha zomwe zija zakale: chitokosi, kapena kumusiya munthuyo pomwepo. N'zosadabwitsa kuti ofufuza amene anaunika zotsatira za maphunzirowa anapeza kuti apolisi amadziwa zambiri ndipo amatumiza anthu ochulukirapo kuchipatala m'malo mwa kundende, koma umboni woti kuwombera anthu kumachepa ndi wochepa kwambiri. Maola 40 sangafafanize zimene munthu anaphunzitsidwa kwa miyezi yambiri, zoti mpeni uli pafupi ndi imfa yake.

BART inayamba ndi njira ya ku Memphis yomweyi, kutumiza apolisi ake ku maphunziro ndi kulemba munthu woyang'anira za odwala maganizo ndi osowa pokhala. Kusintha kwenikweni kunadza mu 2020. Mu Febuluwale chaka chimenecho, antchito 10 opanda zida, otchedwa akazembe a m'sitima, anayamba kuyendayenda m'mabogi awiriawiri, atanyamula wailesi yoitanira apolisi zinthu zikavuta. George Floyd ataphedwa ku Minneapolis mu Meyi, BART inakhazikitsa nthambi yatsopano mkati mwa polisi yake, Progressive Policing and Community Engagement Bureau, ndipo inatsegula malo 20 a alangizi otchedwa Crisis Intervention Specialists. Awa si apolisi. Ndi anthu amene anagwirapo ntchito ya uphungu, yosamalira odwala maganizo kapena yothandiza omwerekera ndi mankhwala.

Ntchito yawo yambiri siioneka ngati yaikulu. Munthu wawerama pampando, mutu uli pakati pa miyendo. Wagona, kapena akufa? M'mzinda umene anthu oposa 800 anafa ndi mankhwala ozunguza bongo mu 2023, ambiri chifukwa cha fentanyl, funsoli si lachibwana. Mlangizi amamuyandikira, amamuitana, amaona ngati akupuma. Ngati milomo yasintha mtundu, amamupopera m'mphuno mankhwala a naloxone, odziwika ndi dzina loti Narcan, amene amabweza mpweya m'mphindi zochepa. Ngati wangotopa, amacheza naye, amamufunsa ngati wadya, ngati ali ndi wachibale woti amuimbire, ngati angalole kupita kumalo ogona. Ambiri amakana. Anaberedwapo katundu kumeneko, kapena saloledwa kulowa ndi mkazi wawo, galu wawo, kapena zikwama zawo. Mlangizi amabwereranso mawa lake, ndi mkucha womwe, mpaka nkhope yake itazolowereka. Wapolisi amene wamulipiritsa munthu chindapusa Lolemba sangayembekeze kuti munthu yemweyo amuululira za matenda ake Lachitatu, ndipo apa ndi pamene pagona phindu la munthu wopanda unyolo.

Chodabwitsa n'chakuti zinthu zimene zinasintha kwambiri masiteshoni a San Francisco zinali zazing'ono kuposa apa. Zikepe za pa Civic Center ndi Powell Street zinali zitasanduka zimbudzi ndi malo odzibayirako jakisoni, moti olumala ndi amayi oyenda ndi ana ankaziopa. Mu 2018 BART inaikamo munthu wongokhala m'chikepemo tsiku lonse, kupereka moni ndi kudina mabatani. Uve unatsala pang'ono kutheratu. Zimbudzi za m'masiteshoni a pansi pa nthaka zinatsekedwa pambuyo pa chiwembu cha pa 11 Sepitembala 2001, ndipo zinakhala chitsekere kwa zaka 20. Zoyamba zinatsegulidwanso mu Febuluwale 2022, pa Powell Street ndi pa 19th Street ku Oakland, zili ndi ozisamalira. Kwa zaka zonsezo akuluakulu ankadandaula za fungo la mkodzo m'makonde, makiyi a chimbudzi ali m'thumba mwawo.

Tsono pali anthu amene safuna kumva za alangizi. Amati sitima ndi yoyendera, si chipatala, ndipo wolipira tikiti ali ndi ufulu wofika kwawo osaopsezedwa. Anthu amenewa asanyozedwe. Amene amakwera sitima ya usiku si mabwana a makampani a makompyuta. Ndi oyeretsa m'maofesi, alonda, ophika m'malesitilanti, anthu opanda galimoto. Ndipo mantha awo ali ndi maziko. Pa 15 Januwale 2022, Michelle Go wa zaka 40 anakankhidwira kutsogolo kwa sitima pa Times Square ku New York ndi bambo wosowa pokhala amene anadwala misala kwa zaka zambiri, akulowa ndi kutuluka m'zipatala. Khoti linapeza kuti mutu wake sunali bwino moti n'kuzengedwa mlandu.

Mzinda womwewo unaonanso mbali inayo. Pa 1 Meyi 2023, Jordan Neely wa zaka 30, amene kale ankasangalatsa anthu povina motsanzira Michael Jackson, analowa m'sitima akukuwa kuti ali ndi njala ndi ludzu ndipo sakuopa kufa. Wokwera wina, Daniel Penny, amene anakhalapo msilikali, anamukanyanga pakhosi kwa mphindi zingapo, ndipo Neely anamwalira. Khoti linamasula Penny mu Disembala 2024. Chimene chiyenera kuvutitsa aliyense n'chakuti Neely sanali mlendo kwa alangizi. Dzina lake linali pa mndandanda wa mzinda wa anthu osowa pokhala ofunika thandizo mwachangu kuposa onse. Anafikiridwa kambirimbiri. Wokankha Michelle Go naye ankadziwika ku zipatala. Onse awiri anapezedwa, analembedwa m'mabuku, kenako anabwerera pa njanji.

Chifukwa chake chili m'mbiri ya zipatala. Mu 1955 zipatala za boma za odwala misala ku America zinkasunga anthu pafupifupi 559,000. Zambiri zinali malo ankhanza, ndipo kuzitseka sikunali kulakwa. Cholakwa chinali chakuti zipatala zing'onozing'ono za m'madera zimene zinalonjezedwa m'malo mwake sizinamangidwe mokwanira. Lero mabedi a m'zipatala za boma zoterezi safika 40,000, m'dziko limene anthu ake achuluka kuwirikiza kawiri. Ku California, lamulo la mu 1967 limalola wapolisi kapena wachipatala kugoneka munthu mokakamiza kwa maola 72 ngati angadzivulaze, angavulaze ena, kapena akulephereratu kudzisamalira. Apolisi amangoti 5150, nambala ya ndime ya lamulolo. Maola 72 akatha, nthawi zina asanathe n'komwe, munthu amatulutsidwa ali ndi kapepala ka tsiku lodzaonana ndi dokotala, alibe foni, alibe adiresi, alibe posungira mankhwala. Siteshoni yapafupi ndiyo imamulandira.

Ndiye ntchito ya alangizi iyesedwe ndi chiyani? Makampani a sitima amakonda kulengeza kuchuluka kwa anthu amene alankhula nawo, chifukwa nambala imeneyo imakula msanga ndipo imakoma m'makutu. Mu 2023 ofesi yofufuza kagwiritsidwe ntchito ka ndalama ku BART inaulula kuti kampaniyo inalipira bungwe la Salvation Army madola 350,000 pa ntchito yofikira osowa pokhala, koma munthu mmodzi yekha ndi amene anatsimikizika kuti analowa m'nyumba ya bungwelo yothandizira osiya mankhwala. Muyeso umenewo ndi wopapatiza, n'zoona. Munthu amene wapulumutsidwa ndi Narcan, kapena wapatsidwa chakudya n'kugona mwamtendere, salembedwa pamenepo. Koma kampani imene sinaike poyambirira chimene ikufuna kuona ndalamazo zikatha inadzitchera yokha msampha, ndipo inapatsa adani a ntchitoyi chibonga chabwino.

Okonda kusesa asasangalale msanga, chifukwa nambala zawo ndi zoipa kuposa apa. Ofesi yowerengera chuma cha mzinda wa New York inaunika ntchito yogwetsa misasa ya osowa pokhala m'misewu pakati pa Malichi ndi Novembala 2022. Anthu 2,308 anachotsedwa. Amene anapeza nyumba yokhazikika anali atatu.

Philadelphia inayesa kuyankha funso la khomo lija mwachindunji. Kampani ya sitima ya SEPTA, khonsolo ya mzinda ndi bungwe la Project HOME, limene anayambitsa ndi Sisitere Mary Scullion ndi Joan Dawson McConnon mu 1989, anagwirizana zotsegula malo otchedwa Hub of Hope m'makonde a pansi pa nthaka a Suburban Station, pamene anthuwo ankasonkhana kale. Anayamba mu 2012 ngati kachipinda ka nyengo yozizira yokha, ndipo mu Januwale 2018 anatsegula malo okhazikika aakulu pafupifupi masikweya mita 1,000. Munthu amapezamo khofi wotentha, bafa, makina ochapira zovala, namwino, ndi mlangizi womuthandiza kupezanso chiphaso ndi kulembetsa nyumba. Wapolisi wa SEPTA akapeza munthu atagona pamasitepe m'mawa, ali ndi malo oti amulozere amene angafikeko wapansi. Bafa ndi zovala zoyera zingaoneke zopanda pake kwa amene ali nazo, koma munthu sapita kukafunsira ntchito kapena kukaonana ndi dokotala akudziwa kuti anthu akugwira mphuno.

Nayonso Philadelphia sinathetse vutoli. Hub of Hope si malo ogona. Ndipo mu Malichi 2021 SEPTA yomweyo inatseka siteshoni ya Somerset m'dera la Kensington chifukwa mkodzo ndi majakisoni zinawononga zikepe. Anthu a m'deralo, amene sanalakwe chilichonse, anatsala opanda sitima, anachita zionetsero, ndipo siteshoniyo inatsegulidwanso patatha milungu iwiri. Chaka chomwecho SEPTA inakhazikitsa ndondomeko ya SCOPE, yophatikiza oyeretsa, alangizi ndi apolisi. Kusiyana kwa Philadelphia ndi mizinda ina n'kwakuti khonsolo inalowa nawo m'ngoloyo, osasiyira kampani ya sitima yokha.

Mphepo ya ndale tsopano ikuwombera kwina. Pa 28 Juni 2024 khoti lalikulu kwambiri la America, pa mlandu wa mzinda wa Grants Pass, linagamula ndi majaji 6 kwa 3 kuti makhonsolo angathe kulanga anthu ogona panja ngakhale kulibe malo owagoneka. Mwezi wotsatira bwanamkubwa wa California, Gavin Newsom, analamula nthambi za boma lake kuti zichotse misasa. BART nayo inachulukitsa apolisi m'mabogi mu 2023, n'kuyamba kuika mageti aataliatali ovuta kulumpha, ntchito imene inatha m'masiteshoni onse 50 mu 2025. Okwera ambiri akuti zinthu zasintha, ndipo palibe chifukwa chowatsutsira. Koma geti silichiza munthu. Limangomusiya pamwamba pa masitepe, m'manja mwa apolisi a mumzinda, amene tsopano ali ndi chilolezo chomupatsa chindapusa chimene sangalipire.

Kwa Amalawi nkhani yolanga munthu chifukwa cha pamene wapezeka si yachilendo. Ndi vakabu. Mayeso Gwanda, wogulitsa majumbo, anagwidwa m'mamawa mu 2015 akupita kumsika wa Limbe, ndipo mu Januwale 2017 High Court inagamula kuti ndime 184(1)(c) ya malamulo a milandu, imene anamumangira, ikutsutsana ndi malamulo oyendetsera dziko. Pa mfundo imeneyi majaji a ku Blantyre anaona patali kuposa a ku Washington.

Chimene chingaphe ntchito ya alangizi a BART si kulephera kwawo ayi, koma ndalama. Mliri wa Covid-19 usanabwere, anthu oposa 400,000 ankakwera sitimazi tsiku lililonse la ntchito, ndipo matikiti ankalipira kuposa theka la ndalama zoyendetsera kampaniyo. Anthu atazolowera kugwirira ntchito kunyumba, okwera anatsika kwambiri ndipo kwa zaka zingapo sanafike ndi theka lomwe. Thandizo ladzidzidzi lochokera ku boma ndilo linatseka dzenjelo, ndipo BART inachenjeza kuti likatha izidzaperewera madola pakati pa 350 miliyoni ndi 400 miliyoni chaka chilichonse. Pa tsiku lodula bajeti, woyendetsa sitima sangachotsedwe, wokonza njanji sangachotsedwe, wapolisi wa mfuti ali ndi andale omuikira kumbuyo. Wosavuta kudula ndi mlangizi ndi wokhala m'chikepe uja.

Komatu ku California udindo wa zaumoyo wa maganizo ndi wosamalira ovutika uli m'manja mwa maboma aang'ono, osati kampani ya sitima. Maboma asanu amene BART imadutsamo ndiwo ayenera kulipira malipiro a alangiziwo kuchokera m'thumba la zaumoyo, osati kuchokera pa tikiti ya mlonda wobwerera kunyumba usiku. Aliyense wa mabomawo asunge mabedi angapo pafupi ndi kumapeto kwa njanji, otseguka pakati pa usiku, osabweza munthu amene mlangizi wabwera naye, monga chinachitira chipatala cha ku Memphis mu 1988. Ndipo lipoti la chaka ndi chaka lisiye kuwerenga moni. Linene kuti mwa anthu amene anavomera thandizo, ndi angati anapeza bedi usiku womwewo, ndi angati anabwezedwa chifukwa kunali kodzaza, ndipo ndi angati anali akadali m'nyumba patatha miyezi 6.